Digiri ya DNP: zimene namwino wa ku Malawi amene ali kunja ayenera kudziwa asanalembetse

Namwino wa ku Malawi amene wakhazikika pa ntchito ku America akayamba kuganiza zobwerera kusukulu, dzina limene amakumana nalo kawirikawiri ndi DNP, Doctor of Nursing Practice, imene ndi digiri yapamwamba kwambiri kwa namwino wofuna kukhalabe pa ntchito yosamalira odwala. Digiriyi inayamba kufala bungwe la masukulu a unamwino la American Association of Colleges of Nursing litagwirizana mu 2004 kuti anamwino a ukatswiri wapamwamba aziphunzira kufikira pamenepa, ndipo lero ikuphunzitsidwa m'mayunivesite mazanamazana, ena odziwika bwino monga Johns Hopkins, Duke ndi University of Washington, ena ongoonekera m'mauthenga otsatsa malonda pa Facebook. Ndikukhulupirira kuti Amalawi ambiri angaikwanitse, chifukwa munthu amene anayang'anirapo wodi yodzaza odwala usiku wonse ali yekha, mankhwala ndi zipangizo zili zoperewera, ali ndi luso loganiza msanga limene sukulu zimenezi zimalifuna. Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti muyambe mwadziwa ntchito imene mudzagwire mukamaliza, chifukwa chimene chimapatsa munthu mphamvu yoyeza odwala ndi kulemba mankhwala ndi chiphaso cha boma, ndipo digiri imangomutsegulira khomo la ku mayeso opezera chiphasocho.

Ku America, anamwino a ukatswiri wapamwamba ali m'magulu anayi. Pali nurse practitioner, amene amayeza odwala, kupeza matenda ndi kulemba mankhwala. Pali namwino wogonetsa odwala pa opaleshoni, amene amatchedwa CRNA. Pali mzamba wa digiri yapamwamba, CNM. Komanso clinical nurse specialist, amene ntchito yake yaikulu ndi kulangiza anamwino anzake ndi kukonza kasamalidwe ka odwala a matenda a mtundu umodzi. Pa magulu onsewa, logonetsa odwala ndi limene linatsekeratu njira yachidule, pakuti aliyense wolowa maphunzirowa kuyambira mu 2022 amayenera kutuluka ndi digiri ya pa mlingo wa doctorate monga DNP, ndipo salandira munthu amene sanagwireko ntchito m'chipinda cha odwala mwakayakaya kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Kwa nurse practitioner, digiri ya masitazi ikadali yokwanira kupezera chiphaso, ngakhale kuti mabungwe a aphunzitsi akhala akulimbikitsa kuti onse azifika pa DNP. Choncho ngati cholinga chanu ndi kuyamba kuona odwala mwamsanga ndi kuwonjezera malipiro, palibe cholakwika kuchita masitazi kaye, kugwira ntchito zaka zingapo, kenako n'kudzawonjezera DNP, imene panthawiyo imatenga chaka chimodzi ndi theka kapena ziwiri. Wochokera pa digiri yoyamba n'kulunjika ku DNP amatha zaka zitatu kapena zinayi akamaphunzira nthawi zonse, ndipo zimaposa pamenepo akamaphatikiza ndi mashifiti. Dziwaninso kuti ma DNP ena ndi a utsogoleri ndi kayendetsedwe ka zipatala basi, ndipo amenewa sapatsa munthu mwayi wolemba mayeso a nurse practitioner.

Mapepala a kumudzi ndi amene amachedwetsa anthu ambiri, ndipo pamenepa kugona pakati n'kuyambirira. Yunivesite idzafuna chiphaso cha RN (registered nurse, namwino wolembedwa m'kaundula) cha ku America, chimene munthu amachipeza atakhoza mayeso a NCLEX, komanso digiri yoyamba ya unamwino yofanana ndi ya ku America yotchedwa BSN. Amene anachita digiri ku Kamuzu College of Nursing kapena ku Mzuzu University ali poyambira pabwino, koma amene ali ndi dipuloma ya Nurse Midwife Technician ya m'makoleji a CHAM nthawi zambiri amayenera kuphunziranso kuti afike pa RN, kenako BSN, asanaganize za DNP. Ngakhale muli ndi chiphaso kale, musaganize kuti lipoti limene CGFNS, bungwe lounika mapepala a anamwino ophunzira kunja, inapereka ku bungwe la anamwino la m'chigawo (state) chanu lidzagwiranso ntchito ku yunivesite, chifukwa masukulu ambiri amafuna lipoti lina lounika phunziro lililonse palokha, lochokera ku WES, bungwe lounika zikalata za maphunzira a kunja, kapena lina lotere, kuti aone ngati magiredi anu akufika pa avareji (GPA) ya 3.0, umene ndi muyezo wa masukulu ambiri. Mabungwe ounikawa amafuna kuti zikalata zichokere kusukulu komwe, osadzera m'manja mwanu. Amene anamaliza chaka cha 2021 chisanafike akumbukire kuti digiri yawo inalembedwa dzina la University of Malawi pamene koleji yawo tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ndipo n'kwanzeru kufotokoza zimenezi m'kalata kuti wounika asasokonezeke. Chimodzimodzinso amayi amene dzina la pa satifiketi ndi la kwa makolo pomwe la pa pasipoti ndi la kubanja, akonzeretu chikalata cha ukwati. Mbale wodalirika ku Lilongwe kapena ku Blantyre wotha kupita yekha ku ofesi kukakumbutsa amathandiza kuposa ma imelo khumi.

Posankha sukulu, choyamba kufufuza ndi chakuti pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi bungwe lounika masukulu a unamwino, monga CCNE kapena ACEN. Ya uzamba ikhale yovomerezeka ndi ACME, ndipo ya kugonetsa odwala ndi COA. Mabungwe onsewa ali ndi mndandanda wa masukulu pa intaneti, ndipo kuuona kumangotenga mphindi zochepa. Mabungwe a mayeso monga AANP ndi ANCC salola munthu wochokera ku pulogalamu yosavomerezeka kulemba mayeso, kutanthauza kuti ndalama zonse za fizi zimakhala zalowa m'madzi. Ngati sukuluyo ndi ya pa intaneti ndipo ili ku chigawo china, funsani ngati ili ndi chilolezo chophunzitsa anthu okhala m'chigawo chanu, chifukwa wa ku Indiana akhoza kulandiridwa pamene mnzake wa ku New York akukanidwa ndi sukulu yomweyo.

Nkhani imene otsatsa malonda a masukulu sakonda kuikamba ndi ya maola a kuchipatala. Muyezo umene wakhala ukutsatidwa ndi wakuti wophunzira DNP akwanitse maola osachepera 1,000 ophunzira pogwira ntchito kuchokera pamene anamaliza digiri yoyamba, ndipo kwa nurse practitioner, mfundo zimene zinatuluka mu 2022 zimati maola 750 akhale oonana ndi odwala mwachindunji. Maola amenewa salipidwa, ndipo mashifiti a ku ntchito kwanu sawerengedwa. Pamafunika preceptor, amene ndi nurse practitioner kapena dokotala wovomera kuti muziyenda naye m'chipinda choyezera odwala, muziyamba inu kufunsa wodwala ndi kumuyeza, kenako n'kutuluka kukamufotokozera zimene mwapeza ndi mankhwala amene mukuganiza, iye n'kukonza pamene mwaphonya, n'kusayinira maola anu. Masukulu ena amakupezerani munthuyu, koma ena amakusiyirani nokha ntchito yomufunafuna, ndipo wophunzira amapezeka akuimba mafoni m'makiliniki nthawi yopuma, teremu itayandikira, aliyense akumuyankha kuti ali kale ndi wophunzira wina. Ena amafika polipira makampani opeza ma preceptor, ena amadikira teremu yathunthu osaphunzira. Vutoli limamukulira kwambiri munthu wobwera, amene alibe anzake a kusukulu kapena achibale m'zipatala za m'deralo. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti musanalipire kalikonse, mufunse funso ili momveka bwino: kodi malo ophunzirira kuchipatala amapeza ndani, ndipo akapanda kupezeka chimachitika n'chiyani? Yankho likhale lolemba. Sukulu yodula pang'ono koma yopezera ophunzira ake malo ndi yabwino kuposa yotchipa yokusiyani panjira. Yambaninso lero kudziwana ndi ma nurse practitioner a pachipatala chanu, ndiponso Amalawi amene anadutsa kale njirayi, amene mumakumana nawo kutchalitchi kapena pa zikondwerero za 6 July.

M'kalasi, maphunziro atatu amene amasefa anthu ndi a momwe matenda amagwirira thupi, a mankhwala, ndi a kayezedwe ka odwala, onse pa mlingo wapamwamba. Pamwamba pa amenewa pali masamu a kafukufuku, ndondomeko za boma pa zaumoyo, chuma cha zipatala ndi utsogoleri. Kalembedwe nakonso kamavutitsa ambiri poyamba, chifukwa aphunzitsi amafuna kuti mfundo iliyonse isonyeze kumene yachokera motsatira dongosolo lotchulira mabuku lotchedwa APA, ndipo kukopera mawu a wina osamutchula ndi mlandu wochotsetsa sukulu.

Kumapeto kuli pulojekiti ya DNP, imene imasiyanitsa digiriyi ndi PhD. Wa PhD amafufuza kuti apeze chidziwitso chatsopano, pamene wa DNP amatenga zimene ofufuza anatsimikiza kale n'kuzikhazikitsa pamalo enieni, kenako n'kuyeza ngati zasintha kanthu. Tiyerekeze kiliniki imene odwala BP ambiri sabwereranso tsiku limene anauzidwa. Wophunzira amawerenga mafayilo a miyezi ingapo yapitayo kuti adziwe kukula kwa vutolo, amaphunzitsa anamwino kayezedwe koyenera, kuti wodwala akhale pansi mphindi zisanu, mapazi ali pansi, mkono utatsamira molingana ndi mtima, amakonza zoti odwala aziimbiridwa foni, ndipo pakatha masabata angapo amayerekeza ziwerengero zatsopano ndi zakale. Ntchito yotere imafuna chilolezo cha akuluakulu a kilinikiyo komanso kuunikidwa ndi komiti ya yunivesite yoteteza anthu pa kafukufuku. Ambiri a ife mtima umathamangira kukachita pulojekiti kumudzi, ndipo cholingacho n'chabwino, koma chimafuna chilolezo cha makomiti a ku Malawi monga komiti yoona za kafukufuku ya ku KUHeS kapena National Health Sciences Research Committee, kuwonjezera pa cha sukulu yanu, ndipo zimenezi zikhoza kukuwonjezerani teremu ina ya fizi. Sankhani vuto laling'ono la pamalo pamene mumagwira ntchito, limene mungalimalize, ndipo luso limenelo mudzapita nalo kwanu pambuyo pake.

Za ndalama, digiriyi imadya madola masauzande makumi angapo, ndipo mayunivesite a boma a m'chigawo chimene mumakhala ndi amene kawirikawiri amakhala otsikirapo mtengo. Ngongole za boma la America zimaperekedwa kwa nzika ndi kwa amene ali ndi green card, ndipo lamulo la mu 2025 linathetsa ngongole ya Grad PLUS kwa obwereka atsopano kuyambira mu July 2026, choncho werengerani bwino musanadalire ngongole. Funsani ku ofesi yoona za ogwira ntchito pachipatala chanu, chifukwa malamulo a msonkho amalola olemba ntchito kukulipirirani fizi mpaka madola 5,250 pa chaka popanda msonkho, ngakhale kuti ambiri amafuna kuti mulonjeze kugwirabe ntchito kwa iwo kwa nthawi ina. Ofuna kudzaphunzitsa afunse za Nurse Faculty Loan Program, imene imakhululukira mpaka 85 peresenti ya ngongole kwa nzika kapena wa green card amene waphunzitsa unamwino zaka zinayi. Amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1 akumbukire kuti phunziro limodzi lokha la pa intaneti pa teremu ndi limene limawerengedwa pa maphunziro amene viza yawo imafuna, kotero kuti pulogalamu ya pa intaneti yokhayokha siingawasungire viza. Ndipo popeza maovataimu adzachepa, ndi bwino kukambirana ndi a kunyumba komanso makolo ndi abale amene mumawatumizira thandizo, kuti adziwiretu kuti kwa zaka zitatu kapena zinayi ndalama ya fetereza ndi ya fizi ya ana a achimwene idzabwera yochepa.

Mukamaliza ndi kukhoza mayeso, ufulu wanu pa ntchito udzadalira chigawo chimene mukukhala. Zigawo zoposa theka, kuphatikizapo Washington, zimalola nurse practitioner kugwira ntchito payekha, pamene ku Texas ndi ku Indiana pamafunika mgwirizano ndi dokotala kuti alembe mankhwala, ndipo DNP siisintha lamuloli. Dzina loti Dokotala nalonso lili ndi malamulo ake pamaso pa odwala, makamaka ku California, choncho nthawi zonse muzinena momveka kuti ndinu namwino.

Kwa abale a ku Britain, njira ndi yosiyana. Ku England, udindo wa advanced clinical practitioner umafuna maphunziro a pa mlingo wa masitazi, motsatira ndondomeko imene inatuluka koyamba mu 2017, ndipo chilolezo cholemba mankhwala chimabwera ndi kosi ya V300 imene imalembedwa m'kaundula wa NMC, bungwe lolembetsa anamwino ku Britain. Madigiri a doctorate a anthu apantchito alipo m'mayunivesite angapo, koma amathandiza kwambiri ofuna utsogoleri, uphunzitsi kapena udindo wa consultant nurse. Amene sanapeze chilolezo chokhazikika m'dzikomo nthawi zambiri amalipiritsidwa fizi ya ophunzira akunja, choncho njira yabwino ndi kupempha malo a trainee kudzera ku NHS trust imene mukugwirako ntchito.

Amene akulingalira zodzabwerera ku Malawi aganize mofatsa pakati pa DNP ndi PhD. Ntchito zambiri zimene nurse practitioner amagwira ku America, kwathu zimagwiridwa ndi ma clinical officer amene ali pansi pa Medical Council of Malawi, ndipo mayunivesite ndi mabungwe opereka ndalama za kafukufuku amaidziwa bwino PhD kuposa DNP. Ngati maloto anu ndi kukatsogolera kafukufuku ku KUHeS, PhD ndi imene ikuyenerani. Ngati ndi kukakonza kasamalidwe ka odwala m'zipatala, kuphunzitsa anamwino m'mawodi kapena kuyendetsa ntchito za mabungwe a zaumoyo, DNP idzakuthandizani, koma lemberani kalata a Nurses and Midwives Council of Malawi ndi a National Council for Higher Education musanalembetse, muwafunse momwe adzaiwerengere digiri ya sukulu imene mwasankhayo, ndipo yankho lawolo mulisunge pamodzi ndi zikalata zanu zina.