Pit, masewera a makhadi oti muziyenda nawo

Mukamadikira basi yochedwa kapena mukagona pamalo achilendo, yesani Pit. Masewerawa anatulutsidwa ndi Parker Brothers ku America mu 1904, potengera phokoso la ochita malonda a tirigu ndi chimanga pamsika wa ku Chicago.

Simufunika kugula bokosi lake. Makhadi wamba akwanira anthu atatu kapena anayi. Ngati muli anayi, tengani makhadi 9 pa mtundu uliwonse mwa mitundu inayi ya zizindikiro za pa makhadiwo. Ngati muli atatu, siyani mtundu umodzi. Sakanizani, aliyense alandire 9.

Palibe kudikirana. Nonse mumayamba nthawi imodzi, kukuwa chiwerengero cha makhadi amene mukufuna kusinthanitsa: "Awiri! Awiri!" Wina akavomera awiri, mupatsane mozondotsa, osaonetsana. Makhadi amene mukupereka akhale a mtundu umodzi. Woyamba kusonkhanitsa makhadi 9 a mtundu umodzi wapambana.

Langizo langa lalikulu: musaumirire mtundu umodzi. Mukaona kuti mtundu umene mukufuna sukubwera, dziwani kuti mnzanu akuusunganso, ndipo sinthani msanga. Komanso musaike makhadi pansi pamphepo, agwireni m'manja.