Mukamaphikira alendo a zipembedzo zosiyana

Ngati mukukonza chakudya cha gulu, kaya pa ukwati kapena pa msonkhano wa kuntchito, dziwani kaye zipembedzo za alendo anu musanagule ndiwo. Mukatero simutaya ndalama pa nyama yomwe ena sangaikhudze n'komwe.

Chidule chake n'chakuti nkhumba isiyeni, mugule nkhuku kapena mbuzi ya halaal. Asilamu adya ndi mtima pansi, a Seventh-day Adventist odya nyama nawonso adya. Pakakhala Ahindu, ng'ombe isapezeke. Nsomba sankhani yokhala ndi mamba ndi zipsepse, poti a Adventist ndi Ayuda amatsata Levitiko 11. Ayuda osunga malamulo a zakudya sasakanizanso nyama ndi mkaka, ndipo halaal sikwanira kwa iwo, choncho afunseni okha.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa ziwiya, ndipo kwa ine apa ndiye pofunika kwambiri. Supuni yomwe mwatakasira nyama isalowe mu poto wa nyemba. Mafuta okazingira nyama musakazingirenso china. Nyemba ndi ndiwo zamasamba phikani pazokha, ndi mafuta ochokera ku mbewu, osathiramo msuzi wa nyama ngakhale pang'ono. Mbale imeneyo imapulumutsa pafupifupi aliyense. Vinyo m'zophika ayi.

Onaninso kalendala. Akatolika sadya nyama Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti, pomwe pa Ramadan Asilamu amadya dzuwa likalowa. Pa tebulo ikani kapepala kolemba zomwe zili mu mbale iliyonse, mlendo asamachite kufunsa monong'ona.