Momwe mungapolishire galimoto popanda kuwononga penti

Penti ya galimoto za masiku ano imakhala yosanjikiza. Pansi pali primer, penti yoyamba yomwe imathandiza kuti inayo igwire, pakati pali mtundu wake, ndipo pamwamba pali kachikuto koonekera kotchedwa clear coat. Kachikutoka n'kopyapyala kuposa pepala, ma micron pafupifupi 40 mpaka 50 basi (ma micron 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi). Polishi amawalitsa galimoto popala kachikutoka pang'ono kuti mizere yokalika isalale, ndipo chomwe chapalidwacho sichibwereranso. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna dzanja lofatsa.

Yambani ndi kutsuka, galimoto ili pamthunzi komanso boneti itazizira. Thirani madzi ambiri kaye kuti mchenga utsike wokha. Kenako konzani ndowa ziwiri: ina ya madzi a shampu ya galimoto, ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu musanaibwezere m'thovu. Nsalu yake ikhale ya microfibre, yofewa ya timaulusi tating'ono kwambiri. Yambirani padenga kutsika m'munsi, matayala muwatsuke ndi nsalu yawoyawo. Nsalu ikagwa pansi, isiyeni. Kamchenga kamodzi kokakamira pansalu kamalemba mizere chitseko chonse, ndipo timizere tozungulira tomwe mumaona pagalimoto yakuda ikaima padzuwa nthawi zambiri timachokera pomwepo. Sopo wotsukira mbale ayi, amachotsa wakisi woteteza penti.

Galimoto ikauma, yendetsani zala pabonetipo. Pakamveka pokhakhala, ndiye kuti phula la pamsewu ndi utomoni wa mitengo zamatirira. Zimenezi zimachoka ndi clay bar, kanthu kofewa ngati dongo. Nyowetsani malowo ndi madzi a shampu, n'kumayendetsa mopepuka mpaka pasalale.

Musanapolishe, yesani mzere uliwonse ndi chikhadabo. Chikakodwa, mzerewo wazama ndipo polishi sangauthe; apo pakufunika wopenta. Matani tepi pa malabala ndi pamapulasitiki akuda, chifukwa polishi amasiyapo zoyera zovuta kuchotsa.

Kwa oyamba kumene, makina abwino ndi a dual action, omwe amazungulira uku akugwedera. A rotary, omwe amangozungulira basi, ndi amphamvu koma amatentha msanga, moti munthu wosawazolowera akhoza kuboola clear coat, makamaka m'mphepete mwa zitseko momwe penti imakhala yochepa. Donthezani polishi pang'ono pasiponji ya makinawo, madontho anayi akwana. Gwirani kachigawo ka masentimita 50 mbali zonse, yendetsani pang'onopang'ono chopingasa kenako chotsika, osakanikiza kwambiri. Pukutani, muunike ndi tochi. Yambani ndi polishi wofewa. Compound, polishi wokhakhala yemwe amadya kwambiri, mum'tenge pokhapokha wofewayo akalephera. Ine ndimaona kuti kusiya timizere tiwiri titatu n'kwanzeru kuposa kumaliza clear coat pofuna kuwala kopanda banga.

Penti yopolishidwa isagone yosatetezedwa. Wakisi wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wina wa mgwalangwa wa ku Brazil, amawala bwino koma amatha pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Sealant, mankhwala oteteza penti opangidwa m'fakitale, amakhalitsa kuposa apo, pomwe ceramic coating, yomwe ndi mankhwala amadzimadzi ouma n'kusanduka kachikuto kolimba, imatha kufika zaka ngati yapakidwa bwino pa penti yopukutidwa ndi isopropyl alcohol, mankhwala ochotsa mafuta otsalira. Wakisi pakani mopyapyala, dikirani achite mbuu, mupukute ndi nsalu youma.

Zitosi za mbalame musazilole kuumira padzuwa, zimadya penti. Zinyowetseni kaye zifewe, kenako muzinyamule ndi nsalu popanda kukhula. Mukadzaona kuti madzi asiya kupanga timadontho tozungulira paboneti, nthawi yopakanso wakisi yakwana.