Momwe mungapangire chikhomo choimikira bwato pamadzi osaya

Ife a ku Mzuzu nyanja sitili nayo pakhomo, koma Loweruka likafika timatsetsereka ndi msewu wa M5 kupita ku Nkhata Bay, ena n'kupitirira mpaka ku Chintheche. Kabwato kanga ka matabwa kamakhala kwa alamu anga ku Chintheche komweko, ndipo ndimakonda kuwedza ndi mbedza m'mphepete mwa mabango. Amene anawedzapo malo otere akudziwa vuto lake: bwato silikhazikika. Mukaponya mwala womangirira chingwe ngati nangula, umakwekwereka pamchenga, madzi n'kuvunduka, nsomba n'kubalalika. Chikhomo chimathetsa zimenezi. Ndi mtengo wautali wokhala ndi chitsulo chosongoka kumunsi, mumauzika pansi mwakachetechete n'kumangirirapo bwato.

Ndinene kaye kuti chimagwira ntchito pamchenga ndi pamatope, pomwe madzi sakupitirira mamita awiri. Pa Nkhata Bay penipeni musadzivute, pansi pake ndi miyala ndipo pamazama msanga. Paja chigawo chakumpotochi ndi kumene nyanja yathu ya Malawi imazama kwambiri, mpaka mamita pafupifupi 700.

Zofunika ndi izi: mtengo wa bulugamu wowongoka wotalika mamita atatu ndi theka, wonenepa moti dzanja likuuzungulira bwino, kachidutswa ka paipi yachitsulo ka masentimita 30, chitsulo chomangira nyumba cha Y16 cha masentimita 40, mabawuti awiri ndi manati ake, chingwe cha nayiloni, ringi yachitsulo yoti ilowe momasuka mumtengomo, ndi mphira wa chubu chakutha cha galimoto. Paipi ndi Y16 musagule zatsopano. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 zitsulo m'mashopu a hadiweya sizigwirika, ndipo sangakudulireni kachidutswa, amafuna mugule chathunthu. Pitani kwa anyamata owotcherera zitsulo ku Luwinga kapena ku Chibavi, zotsalira zili mbwee pansi pa benchi. Paini wa ku Chikangawa ndi wopepuka, inde, koma ndi wofewa ndipo m'madzi sachedwa kuwola. Nsungwi imang'aluka mukayamba kuikhomera pansi.

Tsono pa mtengo pomwepa ndi pamene ine ndinagwa nazo, ndiye mundilole ndichedwepo.

Chikhomo changa choyamba ndinagula bulugamu kwa bambo wina wogulitsa mapolo m'mbali mwa msewu. Ndinamufunsa ngati ndi wouma. "Adada, uwu wauma kalekale, onani makungwa anachoka okha," anatero. Makungwa anali atachokadi, koma anachita kusendedwa dzulo lake. Ndinanyamula ulendo wa kwa wowotcherera, anasema nsonga, paipi inalowa mothina bwino moti ndinaona kuti mabawuti ndi kungotaya ndalama. Ndinakhomerapo msomali umodzi basi. Patatha milungu isanu mtengo uja unauma n'kufota, paipi inayamba kugwedera, ine osalabadira. Tsiku lina m'mawa, chakufupi ndi pomwe mtsinje wa Luweya umathira m'nyanja, ndinazika chikhomo m'matope, ndinawedza bwinobwino, koma pozula ndinangotulutsa mtengo wokhawokha. Chitsulo chinatsala pansi. Kudumphira m'madzi kukachifuna sindikanayerekeza, pamathiriro a mitsinje ndi pokhala ng'ona. Alamu anga anaseka mpaka misozi.

Bulugamu wamuwisi amakhala ndi madzi ambiri, ndipo akamauma amachepa m'mimba mwake komanso amang'aluka kunsonga. Ndiye pogula musamvere pakamwa pa wogulitsa. Unyamuleni: wamuwisi amalemera ndipo amazizira m'manja. Ugogodeni ndi mwala: wouma amalira mokweza, wamuwisi amangoti phu. Yang'anani podulidwa, wouma amakhala ndi timing'alu tating'ono. Chabwino koposa n'kugula wamuwisi womwewo mwadala, pamtengo wotsika, n'kukaumika nokha. Mugoneke pansi pa denga pakhonde, pamwamba pa njerwa zitatu kuti asapindike, ndipo muzimutembenuza. Nsonga zonse ziwiri mumange ndi waya kuti ming'alu isapite patali. Kuno ku Mzuzu, ndi chinyezi chathuchi komanso mvula yosadziwa kalendala, muwerengere miyezi iwiri kapena itatu. Padzuwa musamuike, amang'aluka kwambiri. Ndipo mugule wotalikirapo pang'ono kuti mudzadule nsonga zong'alukazo.

Mtengo ukauma, pitani nawo kwa wowotcherera pamodzi ndi zitsulo zija. Asongole Y16 mbali imodzi ndi galainda, mbali inayo ailowetse pang'ono m'paipi n'kuwotcherera kuzungulira konse. Ena amaphwanya kukamwa kwa paipi ndi hamala kuti igwire chitsulocho asanawotcherere, ndipo ndi mmene ndimakondera ine. Muimirire pomwepo. Mukachokapo amangodontheza timadontho titatu n'kupaka penti yakuda pamwamba, inu n'kumati ntchito yatheka. Mukaona mpata, auzeni abwereze, chifukwa madzi akalowa m'menemo dzimbiri limadya mkati. Komanso mufunse za magetsi musananyamuke kunyumba, ine ndinakhalapo tsiku lathunthu pabenchi kudikira kuti ayake.

Semani nsonga ya mtengo kuti ilowe m'paipi mochita kukhomera. Kenako boolani mabowo awiri opyoza paipi ndi mtengo womwe, lina pamwamba lina pamunsi, mopingasana, n'kumanga mabawuti. Awiri, osati limodzi, ndipo msomali ayi. Mukamanga nati, phwanyani nsonga ya bawuti ndi hamala kuti isadzamasuke.

Chingwe musamange kumutu kwa chikhomo. Bwato likamakoka kumtunda, chikhomo chimapendekeka n'kuzuka. Mangani chingwe ku ringi ija, ringi muilowetse mumtengo kuti izitsika yokha mpaka pamwamba pa madzi kapena kupitirira. Kumutu khomani kamtengo kopingasa, kamathandiza pogwira komanso kamatchinga ringi kuti isavuke. Pakati pa chingwe mangiriranipo mphira wa chubu uja, chingwe chikhale cholendewera pang'ono pambali pake, kuti funde likabwera mphira ndiye uzitamuka.

Zotsalazo n'zodziwikiratu. Palani mtengo ndi sandipepa kuti usakubayeni, pakani penti yamafuta kawiri. Oilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka ine sindimufuna, amatererera m'manja ndipo amasiya mafuta pamadzi pomwe mukuwedzapo. Kumutu pakani penti yowala kuti anzanu azichiona.

Pozika, lozetsani mutu wa bwato komwe kukuchokera mphepo, chikhomo chipendekere pang'ono kumphepoko, mukanikize uku mukupotokola. Pozula mupotokolenso, osangokoka. Mukafuna kuti bwato lisazungulire n'komwe, pangani ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo. Mwera ukayamba kuwomba, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, chikhomo sichingalimbane ndi mafunde ake, zulani mubwerere kumtunda.

Za kanyamulidwe, mtengo wa mamita atatu ndi theka mu galimoto ya Sienta sulowa, ndipo kondakitala wa minibasi akauona amatchula ndalama yolipira munthu wathunthu. Ine ndinakweza pa lole ya mnzanga yopita kukatenga nthochi, chitsulo nditachikulunga m'thumba la simenti.