Momwe mungakumbire chitsime pakhomo osamwa madzi a mchimbudzi

Madzi akamangosowa ku mpopi ambirife timathamangira kukumba chitsime kuseri kwa nyumba, palibe cholakwika, koma dziwani kuti chitsime chokumba pamanja chimatunga madzi osaya, omwewo amene chimbudzi chanu ndi cha aneba zimadonthezeramo. Ndiye musanagwire piki yambani mwazungulira puloti ndi tepi.

A zaumoyo amati kuchoka pa chimbudzi kufika pa chitsime pakhale mamita 30, ndipo chitsimecho chikhale kumtunda, chimbudzi kumunsi. Dzenje la zinyalala, khola la nkhumba, pomwe mumatayira oyilo wakutha ndi mabatire, zonsezo muziwerengere ngati chimbudzi basi. Kwina kumene anthu saganizako nkuya kwa chimbudzicho, pansi pa dzenje lake payenera kutalikirana ndi madzi a m'nthaka ndi mamita 1.5 ngakhale dzinja litafika pachimake, chifukwa dothi louma lapakatilo ndi lomwe limasefa tizilombo. Chimbudzi chikangoboola mpaka pa madzi sefa ija palibenso, ndiye zoti "changa nchakuya sichidzadza msanga" sizonyadira ayi. Ku malo othinana ngati Ndirande kapena Mtandire mamita 30 simungawapeze, kumeneko madzi a chitsime angokhala ochapira ndi kuthirira masamba, tisanamizane. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 muno.

Kumbani mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala madzi atatsikiratu. Mukakumba mu Epulo muwapeza msanga, okumba alandira zawo nkumapita, chilimwe chikafika mutunga matope. Pa malipiro gwirizanani pa mita osati pa tsiku, ndipo mukafika pa madzi apitirirebe mamita awiri kapena atatu akukapa. M'mawa uliwonse munthu asanalowe tsitsani kandulo woyaka pa chingwe, akazima kapena lawi likamafooka pansipo mpweya ndi woipa, asalowe. Injini ya petulo yopopera madzi isayandikire kukamwa kwa dzenje, utsi wake umapha mwakachetechete.

Maringi, zozungulira za konkire zoika mkati mwa chitsime kuti chisagumuke. Apa ochenjera ndi ambiri, ena oumba m'mbali mwa msewu amachulutsa mchenga simenti nkungonunkhiza, waya mkati mulibe. Kandani ndi msomali, likamayoyoka lisiyeni. Mitengo sinditchula poti simenti ikusintha mtengo musanafike nkunyumba komwe, koma ngati mungathe bwerekani chikombole muumbire pakhomo mukuona, simenti 1, mchenga 2, kwale 4, nkumawathirira madzi sabata yathunthu.

Tsopano pomwe ine panandivuta. Maringi akalowa pamatsala mpata pakati pa ringi ndi khoma la dzenje, anyamata amene anandikumbira anangokankhiramo dothi lomwe anafukula lija pamodzi ndi zibuma ndi mapepala a simenti, ine nkumati ntchito yatha bwino. Chilimwe chonse madzi anali oyera mbee. Mvula yoyamba itagwa ndowa inatuluka ndi madzi ofiira onunkha ngati ngalande, kumeneko nkuti madzi onse a pabwalo, a pobafira, a pomwe nkhuku zimagona, akutsetsereka mu mpata uja nkulowa m'malumikiziro a maringi osadutsa mu dothi ngakhale pang'ono. Chitsime chinali chakuya ndithu koma chinkamwa za pamwamba. Tinachita kufukulanso mozungulira, ndalama kawiri.

Chofunika nchakuti kumunsi komwe madzi amalowera muike timiyala totsuka bwino, koma mamita atatu a pamwamba mutsekeretu, malumikiziro a maringi amatidwe ndi simenti, ndipo mpata wa kunja uja muthiremo dothi la makande lonyowa pang'onopang'ono mukusinja ndi musi, kapena konkire ngati thumba likulola. Tsiku limenelo musapite ku ntchito, imani pomwepo, chifukwa akakwirira simudzaonanso zomwe aikamo ndipo aliyense adzakuuzani kuti anasinja.

Ena akuti bola mjigo. Nzoona madzi akuya amakhala ndi tizilombo tochepa, pampu ya Afridev imakoka mpaka mamita 45, koma pansi pali zake. Kumeneko mpweya ngochepa ndiye chitsulo cha m'miyala chimasungunukira m'madzi, amatuluka oyera kenako nkufiira mu ndowa, zovala kuthimbirira. Ku Chikwawa ndi Nsanje mijigo ina ndi ya mchere wosamweka, madera ena muli fluoride wambiri amene amadetsa mano a ana. Madzi osaya nawo vuto lawo ndi nitrate, mchere wochokera mchimbudzi ndi feteleza, alibe fungo alibe mtundu, ngoopsa kwa makanda, WHO imati asapitirire mamiligalamu 50 pa lita, ndipo klorini samuchotsa, kuwiritsa ndiye kumangomuchulutsa poti madzi akuphwera iye akutsala. Nchifukwa chake kuyezetsa nkofunika, funsani ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu, ku Lilongwe kuli Central Water Laboratory. Za mjigo pamafunikanso chilolezo cha National Water Resources Authority, ndipo oboola ena amakulipiritsani mamita omwe sanaboole, werengani mapaipi nokha akamalowa.

Zotsalazo nzodziwika. Khoma lifike m'chiuno, waka simenti mozungulira yotsetserekera kunja, kangalande kotaya madzi kutali, chivindikiro chokhoma kuopa ana. Ndowa ndi chingwe zikhale za pachitsime pokha, zisamagone pansi. Musanayambe kumwa itanani alangizi a zaumoyo (a HSA) a kwanuko athire klorini, mukape madziwo, ndipo akumwa muzithirabe WaterGuard makamaka dzinja.