Momwe munganyamukire bwinobwino pa glider yokokedwa ndi winch

Glider ndi ndege yopanda injini, choncho kuti ikwere pamafunika choikoka. Makalabu ambiri a ku Britain ndi Germany amagwiritsa ntchito winch, chimakina chokhala kumapeto kwa bwalo chimene chimakulunga chingwe cha mamita 1,000 kapena kuposerapo. Mphindi imodzi isanathe, munthu amakhala ali pa mamita 300 mpaka 500 m'mwamba. Njirayi ndi yotchipa, n'chifukwa chake ophunzirafe timaidalira, koma zinthu zimathamanga moti woyamba kuganiza vuto litagwa kale amakhala atachedwa. Bungwe la British Gliding Association linayamba kampeni yothana ndi ngozi za pa winch mu 2005, ndipo mfundo zake ndi zimene aphunzitsi amatibwerezera pabwalo. Werengani, koma zoyeserera zonse muchite muli ndi mphunzitsi kumbuyo kwanu.

Yambani ndi chingwe. Chakumapeto kwake kuli kachitsulo kopangidwa dala kuti kaduke mphamvu ikapyola muyezo, pabwalo amati weak link. Tizitsulo ta kampani ya Tost timasiyana mitundu: kakuda n'kolimba kuposa kofiira, kofiira n'kolimba kuposa kabuluu. Ndege ya mipando iwiri ya ASK 21 imafuna kakuda. Wokumangirirani akuonetseni mtundu wake, muuone ndi maso anu, ndipo chingwe chikoledwe pa ngowe ya kumimba kwa ndege, osati ya kumphuno.

Musanavomere kukokedwa, nenani mokweza zimene muchite chingwe chikaduka: liwiro limene mutsike nalo, ngati kutsogolo kuli malo okwanira kutera, ndi mbali imene mukhotere malowo akachepa. Lero mphepo ikuchokera kuti? Yankho la dzulo siligwira ntchito.

Tsopano dzanja lamanzere likhale pa chogwirira chachikasu chomasulira chingwe. Ndikuti pa chogwiriracho, osati pafupi nacho, osati pabondo. Apa mpamene pagona nkhani. Wothamanga ndi phiko, amene amagwira nsonga yake kuti ndege isapendekeke poyamba kuyenda, amangoponda kawiri katatu n'kulisiya, ndipo phiko likagwera pansi n'kukodwa mu udzu winch ili pa mphamvu yonse, ndege imatha kuzungulira pa nsonga ya phikolo n'kugadabuzika. Zimenezi zimatenga masekondi ochepa kwambiri, nthawi yofufuza chogwirira palibe. Mukaona kuti phiko likutsika ndipo silikumvera ndodo yowongolera, masulani pomwepo lisanakhudze pansi. Mtima umakunamizani kuti lidzuka, dikirani pang'ono. Musaumvere. Kumangiriranso chingwe ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo palibe mphunzitsi wanzeru amene angakudzudzuleni chifukwa chomasula msanga.

Ndege ikanyamuka, musafulumire kukweza mphuno. Ikwere pang'onopang'ono kufikira mutaona kuti liwiro lakwana ndipo likuwonjezekabe. Kuchoka pamenepo kufika pa kukwera kwenikweni, komwe kumakhala pafupifupi madigiri 35, patenge masekondi osachepera 5. Awerengeni mumtima. Chifukwa chake n'chakuti pamene mphuno ikukwera mapiko amasenza katundu wochuluka, ndiye amafuna liwiro lalikulu kuposa la masiku onse kuti anyamule ndege. Mukakoka ndodo mwaphuma, phiko limodzi limatha kusiya kunyamula, ndege n'kupidiguka muli pafupi ndi nthaka.

Liwiro likachuluka muli pansi pansi, musachite mantha n'kukoka ndodo kapena kumasula mwadzidzidzi. ASK 21 malire ake pa winch ndi makilomita 150 pa ola, koma kuwapyola pang'ono koyambirira si koopsa ngati kuchepa kwa liwiro. Kwerani mofatsa. Mukafika pamwamba ndithu, gwedezani mchira uku ndi uku ndi mapazi kuti woyendetsa winch achepetse, ndipo akapanda kutero masulani.

Nanga chingwe chikaduka, kapena winch ikafooka? Tsiku loyamba limene aphunzitsi anga anandimasulira chingwe osandichenjeza, ndinamva kuti phaa, phokoso la mphepo n'kuyamba kuzilala. Kutsogolo kunali thambo lokhalokha. Nditakankha ndodo, thupi linapepuka, malamba anandigwira m'mapewa, timaudzu touma ta pansi pa mpando tinayandama pamaso panga. Kenako nthaka inaonekera, ndipo dzanja linkafuna kukhota nthawi yomweyo. Aphunzitsi aja anangoti, “Dikirani, onani liwiro.”

Mawu amenewo muwasunge. Mphuno kuloza pansi sikutanthauza kuti ndege yapeza liwiro; pamatha kupita masekondi 5 muvi wa liwiro usanafike pamene munanena muja. Pa masekondi amenewo musakhote, musatsegule mabuleki a pamapiko. Liwiro likakwana, kokani chogwirira chachikasu kawiri kuti chotsala cha chingwe chigwe, ndipo ngati kutsogolo kuli malo, terani komweko ngakhale kukhale kutali ndi anzanu. Adzabwera kudzakukokani ndi thirakitala. Kukhota n'kwa pamene muli pamwamba kwambiri moti bwalo lotsala silingakukwanireni. Chingwe chikaduka muli mamita ochepa chabe, tsitsani mphuno moyenerera, osaikankha kwambiri, chifukwa nthaka ili pomwepo.

Zonse zikayenda bwino, chakumapeto mumamva winch ikuchepetsa mphamvu. Tsitsani mphuno, kokani chogwirira kawiri, ndipo muyang'ane mbali zonse musanakhote.

Otsala pansi nawonso ali ndi gawo lawo. Mawu olamulira woyendetsa winch ndi atatu: “take up slack” kuti chingwe chikungike, “all out” kuti winch ipereke mphamvu yonse, ndi “stop”. Lomalizali aliyense ali ndi ufulu wolifuula, ngakhale mlendo wobwera lero, akaona galu pabwalo, ndege ina ikutera, kapena glider itaponda chingwe chake. Kwezani dzanja m'mwamba n'kufuula mwamphamvu, zofotokoza zibwere pambuyo. Ndipo chingwe chogona mu udzu musachigwire, musachiponde kapena kulowetsa chala m'mphete zake pamene ndege ina ikukokedwa, chifukwa chikakolana ndi chinzake chimanyamuka nacho limodzi.