Kuwerenga mafupa a msana ndi zala basi

Ana asukulu a unamwino akabwera kudzaphunzira ntchito mu wodi kuno ku Salima amakhala ataloweza bwinobwino kuti msana uli ndi mafupa 33, kuwerenga kuchokera kumtunda: apakhosi 7 (C1 mpaka C7), olumikizana ndi nthiti 12 (T1 mpaka T12), apachiuno 5 (L1 mpaka L5), ena 5 ogwirana a m'munsi mwa chiuno otchedwa sacrum (S1 mpaka S5) ndi timafupa 4 takumchira, koma ukangoti tandilozere L4 pa munthuyu amangoti kakasi. Ndiye pezani mnzanu avule shati tiyesere limodzi.

Yambani pakhosi. Mnzanuyo aweramitse mutu chibwano chigunde pachifuwa, kafupa kamene katumphuke pansi pa khosi kumbuyoku ndi C7. Nthawi zina kumatuluka tiwiri ndiye mumasokonezeka, muuzeni atembenuze mutu uku ndi uku, kamene kakusuntha ndi C7 pomwe T1 imangokhala duu chifukwa nthiti yoyamba yaigwira. Kuchoka apo mutha kutsika kamodzikamodzi ngati mukuwerenga minga ya chambo, kungoti pa munthu wonenepa chala chimasochera msanga, nde pamafunika zizindikiro zina.

Manja akhale pansi m'mbali. Fupa lathyathyathya lija la kumbuyo kwa phewa lili ndi kamzere kopingasa chakumtunda, kakuyang'anizana ndi T3, nsonga yake yapansi ili cha pa T7. Akangokweza mkono zonsezi zasuntha, musamulole.

Pachiuno mpamene pali nkhani. Ikani manja anu pamwamba penipeni pa mafupa a chiuno mbali zonse ziwiri, pamene amayi amamangira chitenje paja, zala zazikulu zikakumane pakati pa msana. Mzere umenewo umatchedwa wa Tuffier ndipo umadutsa pa L4 kapena pampata wa L4 ndi L5. Spinal cord (mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa mafupa a msana) ya munthu wamkulu siifika kumchira ayi, imathera cha pa L1 kapena L2, mwa khanda imatsikirako mpaka L3, m'munsimo mumangokhala mitsempha yolendewera m'madzi ngati mchira wa hatchi. Nchifukwa chake singano yopopera madzi a msana poyeza matenda oumitsa khosi, ngakhalenso ya dzanzi ya amayi opita ku opaleshoni yobereka, imalowa pa L3/L4 kapena L4/L5. Ndipo zala zimanama, kawirikawiri umakhala uli pamwamba kuposa pamene ukuganiza makamaka mwa mayi woyembekezera, ine ndikakayika ndimasankha mpata wapansi. Kubaya kwenikweniko nkwa amene anaphunzitsidwa, inu panopa ingodziwani malo. Timaenje tiwiri tija tapamwamba pa matako ndi S2.

Tsopano chimene chimagwetsa ambiri mayeso. Mchombo ukayang'anizana ndi fupa uli cha pa L3/L4, koma khungu lake limamva kudzera mu mtsempha wa T10, wotulukira pansi pa fupa la T10. Zinthu ziwiri zosiyana izi, fupa padera mtsempha padera. Pakhungu lowezani zitatu, nsonga za mabere T4, mchombo T10, mphechepeche L1. Adokotala a dzanzi akamayendetsa kathonje kozizira pamimba n'kumafunsa kuti mayi mukumva apa, akuyeza zimenezi, amafuna dzanzilo likwere mpaka cha pa T4 asanayambe kung'amba.

Chomaliza, zoweramitsa khosi zija nza munthu wabwinobwino. Wina akagwa pa kabaza ku Kamuzu Road kapena galimoto yamugunda pa M5 musamupinde khosi kuti mufufuze C7 chonde, mtsempha woyendetsa mnofu wopumira umachokera pa C3, C4 ndi C5, kuvulala pamenepo munthu amasiya kupuma. Mugwireni mutu usasunthe, mufunseni kuti achimwene mukumva ndikukukhudzani apa, kuyambira kuphazi kukwera, ndipo pamene wayambira kumva mukumbukire mukawauze achipatala.